Mutu 6: Dzanja Limodzi, Malonjezo Awiri

1. Diresi la m'sutikesi

"Ndati alivule! Diresi limenelo ndinaliramo ine, sindikufuna aliremonso wina. Wakuuzani ndani kuti mutsegule sutikesi yanga?"

Amenewo anali azakhali ake a Timba, ataima pakhomo la chipinda chosokera, manja m'chiuno. Anali atangofika kuchokera ku chipatala kumene amagwira ntchito yochapa, fungo la sopo lidakali m'manja.

Mayi ake a Timba anali ndi mapini atatu pakamwa. Sanawachotse. Telala ameneyu akafuna kukupweteka amakuyankha mapini ali pakamwa, kuti udziwe kuti sunamuimitse ntchito.

"Alamu, lakhala m'sutikesi zaka khumi ndi zisanu. Amene amalivala ndi njenjete basi."

"Bola njenjete! Njenjete sizinamiza munthu."

Mwini wake Timba anali ataimirira pa kampando pakati pa chipinda, atavala diresi loyeralo, manja atatambasula ngati malaya apachingwe. Akatembenukira kwa mayi ake, pini imamubaya m'nthiti. Akatembenukira kwa azakhali, ina imamubaya pamsana. Anangoti kakasi.

Pamulu wa zidutswa za nsalu panakhala msuweni wake, mwana wamkazi wa azakhaliwo, amene aliyense amamutcha Wayilesi chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwake sigona. Anali kutafuna ulusi, maso akuwala. Mwana ameneyu mkangano amaukonda kuposa shuga.

"Diresi ndi nkhani yaing'ono, Amayi," anatero Wayilesi. "Mufunseni kuti dzanja lake walonjeza anyamata angati."

Mapini aja anagwa okha.

2. Sewero lofa ukuimba

Kuti mumve bwino, ana inu, tiyambire kusukulu.

Kusukulu kwa Timba kuli mphunzitsi wamkazi wamfupi, mawu ngati belu, ana amangomuti Madamu. Iyeyu analemba sewero loti anthu salankhula kwambiri, amangoimba. Ngakhale pofa, munthu aimbe kaye ndiye agwe. Zakusukulu zimenezo, musafunse.

Nkhani yake ndi iyi. Mtsikana wantchito alowa m'chinyumba chakale, mazenera okhomera matabwa, akangaude mpaka kudenga. M'chipinda chapamwamba muli mzukwa wa mnyamata amene makolo ake anamutsekera chifukwa ankachita naye manyazi, mpaka anafera momwemo. Mzukwawo umaimba m'makoma, mtsikana nkuyamba kuumvera chisoni. Kenako pabwera kalipentala wodzagwetsa nyumbayo, nayenso nkumukonda mtsikanayo.

Pamapeto pake mtsikana agwire dzanja limodzi. Akagwira la mzukwa, chitseko chitsekeka, sadzaonanso dzuwa. Akagwira la kalipentala, nyumba igwa, mzukwa utha ngati utsi.

Madamu analemba mathero onse awiri, koma kusankha kunawakanika. Ndiye anachita zimene amachita akuluakulu katundu akawalemera: anamusenzetsa mwana.

"Wovala diresi asankha yekha Lachisanu, poyeserera komaliza," anatero. "Chimene asankhe ndi chomwe tipite nacho ku mpikisano wa masukulu. Wogwiridwa dzanja aimba naye nyimbo yotsekera. Winayo aima mumdima mpaka katani itsike."

Wovala diresiyo anali Timba, kamtsikana kochepa thupi koma mawu odzadza holo.

3. Tambala ndi Jenereta

Kalipentala anali Tambala, wamtali, womwetsa zigoli, woyenda ngati msewu anaugula. Timba anayamba kumuyang'ana chaka choyamba chomwe, koma Tambala ankamuona ngati mmene munthu amaonera desiki.

Mzukwa anali Jenereta. Mnyamata ameneyu ndi wachibwibwi. Asanatulutse liwu amayamba "du-du-du" ngati makina okana kulira, ndiye anzake, poti ana alibe chisoni, anamupatsa dzina limenelo. Ankadya yekha kuseri kwa kalasi.

Tsiku lina Timba anamupeza akukolopa m'kalasi, akuimba. Abale! Chibwibwi chonse chinali chitathawa. Mawu ankangoyenderera ngati mafuta. Timba anamukoka dzanja mpaka kwa Madamu, chokolopera chidakali m'manja.

Kuyambira pamenepo Timba anasanduka pakamwa pa Jenereta. Mphunzitsi akafunsa, woyankha Timba. Mnyamata akayamba liwu, womaliza Timba. Iye ankangomutsata pambuyo ngati mwanapiye.

Tsiku loyamba kuyeserera, Madamu anauza Jenereta kuti anene moni kwa gulu. Anakakamira pa "mu-mu-mu" mpaka holo yonse inagwa ndi phwete. Anathawira kuseri kwa katani. Timba anamupeza atabisa nkhope m'mawondo.

"Asiye aseke," anatero Timba, mtima ukumuwawa. "Lachisanu lija ndidzagwira dzanja lako. Ndalonjeza."

Limenelo linali lonjezo loyamba.

Koma dziko ndi gudumu. Patatha masabata atatu, ana amene ankaseka aja ankakanganirana malo pazenera kuti amve mzukwa ukuimba. Ahedi enieniwo anasiya ofesi kudzaima kumbuyo, chipewa m'manja. Madamu ananena pagulu kuti, "Popanda mzukwa uwu, sewero palibe." Atsikana anayamba kumunyamulira chikwama Jenereta. Iye anayamba kuyenda mutu uli m'mwamba, ndipo masiku ena ankaiwala kumudikira Timba pageti.

Nthawi yomweyo Tambala mawu anamupandukira. Mwadziwa mmene amachitira anyamata akamakula. Nyimbo ikakwera, mawu ake ankathyoka ngati nsungwi youma, nkutuluka kaliwu ka mwana wa mphaka. Mpira sukanamuthandiza pamenepo.

Lolemba la sabata yoyeserera komaliza Timba anamupeza kuseri kwa holo, atakhala pa desiki yothyoka, maso ali psuu.

"Wabwera kudzaseka nawe?" anafunsa Tambala.

"Ayi."

"Bambo anga ati abwera ku mpikisano. Sanabwereko ku mpira ngakhale kamodzi. Abwere kudzandiona nditaima mumdima ngati tsache?"

Timba anali asanamuonepo Tambala ali wamng'ono chonchi. Pakamwa panatseguka pokha.

"Suima mumdima. Ndidzagwira lako. Ndalonjeza."

Lachiwiri limenelo. Ndipo anakamuuza Wayilesi pogona, ati kumusungitsa chinsinsi. Kusungitsa nyama kwa galu.

4. Chenjezo la azakhali

Tibwerere m'chipinda chosokera muja, tsiku la Lachinayi.

Azakhali anakhala pansi pampando wa makina, nkhani ya sutikesi ataiwala.

"Tsika pamenepo, mwana wa mlongo wanga, undiyang'ane. Pa awiriwa ukukonda uti?"

"Sindikudziwa, Azakhali. Ndikakhala ndi uyu ndimamva kuti ndi uyu. Ndikakhala ndi uyo..."

"Ukakhala ndi amene akulira. Nena bwino. Tamvera, ndikuuze za diresi wavalalo. Bambo ake a Wayilesi ndinawapeza atathawidwa ndi mkazi wina. Owonda ngati ndodo, malaya opanda mabatani, akungoyang'ana pansi. Mtima wanga unati phwii. Ndinayesa chikondi. Ndinawasokerera mabatani, ndinawaphikira, ndinawalankhulira kwa mabwana mpaka anapeza ntchito. Ananenepa, khosi linachita mizere. Tsiku lina akumanga tayi anandiuza kuti, 'Iwe unanditola ngati kagalu m'ngalande, ndipo ndikakuyang'ana m'maso ndimaonamo ngalandeyo.' Anatuluka. Mpaka lero akumangabe tayi kwina.

"Ndinawatukwana zaka zisanu. Chachisanu ndi chimodzi ndinazindikira kuti sananame. Atachira ine ndinasowa chochita nawo. Ndinkawafunafuna pomwe pakupweteka, osapapeza, nkumakwiya.

"Mwana iwe, munthu amakhululukira amene anamumenya. Koma amene anamuona ali pansi nkumangomukumbutsa, ameneyo samukhululukira msanga. Kuntchito kwathu wodwala akachira timamutulutsa, bedi tichape, tigonekepo wina. Ndi bwino kuchipatala. Koma iwe mtima wako waupanga wodi ya odwala. Uyu walowa, uyu watuluka. Chifundo ndi chabwino, sindikukana. Upatse munthu madzi, umuperekeze, umuteteze kwa omuseka. Koma usachiveke diresi loyera nkumachitcha dzina lina. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa. Mawa m'mawa, belu lisanalire, upite kwa onse awiri ukanene kuti unalakwa. Akwiya, inde. Koma akwiyira pambali, osati pagulu."

Mayi ake a Timba anali akutola mapini pansi, ndipo anadzuka ndi mkwiyo.

"Alamu, musandiopsezere mwana. Ndi sewero ili, makatoni ndi choko. Agwire dzanja la wamoyoyo, anthu aombe m'manja, tizipita. Ndani anakwatiwapo ndi mzukwa?"

"Si za mzukwa, ndi za mawu ake."

"Mawu! Inu ukwati unakukanikani chifukwa cha pakamwa, osati chifundo. Munthu anathawa phokoso."

Eee! Pamenepo ndiye panafuka utsi. Azakhali anakumbutsa za makina osokerawo kuti anali a malemu mayi awo. Mayi ake a Timba anakumbutsa kuti munthu amene anabwera kudzakhala miyezi iwiri watha zaka khumi. Bambo ake a Timba, amene anali pabalaza, anapinda nyuzi mwakachetechete nkupita kukaona mpopi wakunja. Mpopiwo sunali kudontha.

"Ndiye ndigwire lati?" anafunsa Timba.

Palibe anamumva.

5. Lachisanu

M'mawa Timba anafika kusukulu mawu a azakhali ali m'mutu. Anayamba kwa Jenereta. Anamupeza pakati pa atsikana anayi, wina akumupukutira fumbi paphewa. Timba anachita nsanje, nkubwerera. Kenako anapita kwa Tambala. Tambala atamuona anamwetulira, nkukweza dzanja lake lamanja, kulipsompsona, ati kulikonzekeretsa. Timba anaseka nawo. Belu linalira.

Masana holo inadzaza. Mazenera anawatchinga ndi mabulangete kuti mukhale mdima. Makoma a chinyumba chija anali makatoni opaka makala, akangaude ake ulusi woyera wa mayi ake a Timba. Chitseko anachotsa pa kabati yakale. Mwana wina anakwera pa tebulo ndi tochi yokulunga pulasitiki yabuluu, ndiye unali mwezi.

Zonse zinayenda bwino mpaka kumapeto. Timba anaima pakati. Kumanzere, pamasitepe, Jenereta anatuluka nkhope ndi manja zili mbuu ndi choko. Anatambasula dzanja nkuyamba:

"Ndimakudziwa ndi mapazi pa masitepe,
khala, nyumba ino yazizira kokwanira."

Holo inati zii. Ngakhale mwezi uja unasiya kunjenjemera. Timba sanaganize kanthu. Mapazi ake anayenda okha, sitepe imodzi, yachiwiri, kulowera kwa mzukwa. Jenereta anaona, ndipo pansi pa choko paja maso ake anaseka.

Kumanja Tambala anaponya hamala pansi nkuyamba yake:

"Tuluka, tuluka, denga likugwa..."

Pa "likugwa" pomwepo mawu anathyoka. Kanatuluka kaliwu kaja, "kwiii". Wina kumbuyo analira ngati mphaka. Holo yonse inaphulika, ena kumenya madesiki, ena kugwetsana pamabenchi.

Timba anacheuka. Tambala anali ataima dzanja lili m'malere, thukuta lili kamukamu.

Timba anathamanga. Diresi linakola msomali nkung'ambika, iye osaima. Anagwira dzanja la Tambala ndi manja onse awiri.

Ana ogwira zingwe anachita zimene anauzidwa. Makatoni onse anagwa, khuu, fumbi koboo.

6. "Ndimaliza ndekha"

Zikanathera pomwepo, mwina bwenzi bala lake lili laling'ono. Koma Tambala ndi tambala. Manyazi atangomuchoka, anakweza dzanja la Timba m'mwamba ngati chikho.

"Pepa, Jenereta! Zinatha kale izi. Anandilonjeza Lolemba."

Mzukwa unayenera kuzimirira kuseri kwa katani. Sunazimirire. Jenereta anatsika masitepe, kuponda makatoni, kudzaima kutsogolo kwenikweni. Mnyamata amene sankanena ngakhale moni pagulu.

"I-i-inenso," anatero. "A-a-anandi..."

"Anandilonjeza," Timba anamalizitsa, poti anazolowera.

Jenereta anakweza dzanja lachoko pamaso pake.

"Ndi-ndi-ndimaliza ndekha."

Ndipo holo inamudikira. Palibe anaseka. Liwu lililonse linkatuluka ngati akukoka chidebe m'chitsime chakuya, koma linkatuluka.

"U-unandilonjeza tsiku li-limene anandiseka. Uyu wa-wamugwira pamene amuseka. U-unali ukubwera kwa ine, ndi-ndinaona. Ndi-ndikanalakwitsa nyimbo, bwenzi u-utafika. Ndalakwa n-n-nkuimba bwino."

"Si choncho," anatero Timba. "Ine ndimafuna... sindimafuna kuti wina..."

Anakakamira pomwepo. Tsiku limenelo wachibwibwi anali iye.

Tambala anali akuyang'ana dzanja lake ngati agwira chinthu chonyowa.

"Ndiye wandigwira chifukwa cha mphaka uja?" anafunsa. "Wandimvera chisoni? Iwe? Ine?"

"Unali wekha, Tambala."

"Bola kukhala ndekha!" Anachotsa dzanja lake nkulipukuta pa buluku.

Jenereta anatembenukira kwa Madamu.

"Ku mpi-mpikisano ndiimba. Ko-koma osati ndi iyeyu."

Madamu anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Kalipentala akanatha kupeza wina. Mtsikana woimba akanatha kupeza wina. Koma mzukwa unali umodzi sukulu yonse, ndipo aliyense m'holomo ankadziwa.

"Alipo amene akudziwa nyimbo zonse za mtsikana?" anafunsa motsitsa.

Pagulu la oimba kumbuyo panakwera dzanja limodzi, pang'onopang'ono ngati likuchita manyazi. Linali la Wayilesi. Munthu wogona chipinda chimodzi ndi Timba akanalephera bwanji kuziloweza?

Madamu anapumira m'mwamba.

"Vutoli ndaliyambitsa ndine, posenzetsa mwana zimene zinandikanika. Koma mpikisano sudikira. Lolemba atsikana awiriwa aimba wina pambuyo pa mnzake. Ndipo poti wokana ndi mzukwa, mzukwa womwewo ndi umene usankhe."

7. Nyumba ya anthu osalankhulana

Timba anafika kunyumba diresi lili m'jumbo. Anawapeza azakhali akusita yunifolomu yawo. Sanafunse kanthu, poti Wayilesi anali atafika kale ndipo nkhani inali itaulutsidwa mpaka kwa oyandikana nawo.

"Sunapite m'mawa," anatero azakhali.

"Ndinapita. Pakamwa panakana." Kenako anati, "Azakhali, pamene amandikalipira paja, ndinamva ngati... Nanga ngati tsopano ndikumufunadi?"

"Uti?"

Timba anatsegula pakamwa. Anatsekanso.

"Ehe," anatero azakhali, nkupitiriza kusita. "Lero wodwala ndiwe. Gona pa bedi lako wekha, usakokerepo mwana wa eni."

Apo mayi ake a Timba anatulukira, sizasi ili m'manja.

"Mwakondwa, alamu? Mwana wanu wakwezera dzanja malo a mwana wanga! Munapangana!"

"Ine ndinati apepese m'mawa. Amene anati 'gwira wamoyoyo' ndani?"

"Njoka ndaiweta ndekha m'nyumba!"

"Njoka yake ndi imene imakuchapirani makatani!"

Bambo ake a Timba anapitanso ku mpopi.

Pofika Loweruka nyumba inali ngati chinyumba cha m'sewero chija, kungosowa woimba m'makoma. Mayi ake a Timba anasiya kulankhula ndi azakhali, mchere ankapemphera kudzera kwa bambo. Azakhali anasiya kulankhula ndi mlongo wawoyo, ati mwamuna wanji wothawira ku mpopi. Timba anakoka bedi lake kufikitsa kukhoma nkusiya kulankhula ndi Wayilesi, ndipo Wayilesi, posowa womumvera, ankayeserera nyimbo za mtsikana m'bafa mokweza dala.

Lamulungu masana Timba anatumidwa ulusi kusitolo. Pabwalo la mpira Tambala anamuona nkuwerama kumanga nsapato yomanga kale. Pasitolopo Timba anapeza Jenereta akudzigulira yekha sopo. Anakakamira pa "so-so-so", wogulitsa anadikira, mpaka liwu linatuluka. Anapatsa moni wogulitsa. Anapatsa moni mayi wina wobereka mwana. Anafunsa mlonda za mwendo wake wotupa.

Timba anaima pambali pake, phewa ndi phewa.

"Mawa..." anayamba Timba.

Jenereta anatenga sopo wake nkutuluka. Mnyamata amene kale ankalankhula ndi Timba yekha, tsopano ankalankhula ndi aliyense kupatula iye.